Kuchokera pa Msika wa Lizulu Kufika mu Situdiyo

Ntchito yowerenga nkhani pa kanema ndi yatsopano m'dziko muno, ngakhale kuti ana a masiku ano amaiona ngati inalipo kuyambira kalekale. Mu ulamuliro wonse wa Dr. Hastings Kamuzu Banda dziko la Malawi linalibe wailesi ya kanema, ndipo nkhani za boma ndi za maiko akunja zinkatifika kudzera pa wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu wodzilamulira. Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 April 1999, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, ndipo patapita zaka inaphatikizidwa ndi MBC. Choncho anthu oyamba kukhala patsogolo pa kamera ndi kuwerengera Amalawi nkhani analibe akuluakulu a m'dziko lawo oti aonereko. Ena mwa iwo anachokera ku wailesi ya mawu, kumene munthu ankadziwika ndi liwu lokha, ndipo anayenera kudziphunzitsa okha poika maso, manja ndi nkhope pamene akulengeza za maliro a munthu wamkulu kapena za mtengo wa chimanga.

Ine ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Ntcheu, ndipo utolankhani sindinaugwirepo, koma ndauonera pafupi kwa nthawi yaitali chifukwa mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene ndinamulera pakhomo panga ali pa sukulu, analowa ntchitoyi ndi kudutsa magawo ake onse, kuyambira pa kunyamulira ena miyendo ya kamera mpaka kukhala pa mpando wa mu situdiyo. Chimene ndaona pa ulendo wakewu ndi chakuti wowerenga nkhani amene anthu amamukhulupirira amaumbidwa kumudzi ndi pamsewu, zaka zambiri asanavale jekete la mu situdiyo, ndipo nyumba zathu zoulutsa nkhani zimadzimana zambiri pamene zikuona ntchito ya m'maboma ngati poyambira ana chabe, pamene munthu ayenera kuchokapo msanga akangoonetsa luso.

Za sukulu ndingodutsapo mwachangu, chifukwa njira yake ndi yodziwika. Atakhoza mayeso a MSCE anapita ku Blantyre kukachita dipuloma ya utolankhani, monga amachitira achinyamata ambiri amene amalowera ku Malawi Institute of Journalism kapena ku Polytechnic, imene tsopano ikutchedwa MUBAS. Kenako anachita atachimenti ya miyezi ingapo osalandira kanthu, ndipo ndalama za minibasi ndi za nkhomaliro zinkachokera kwa ife kuno. Ntchito yake yoyamba yolipidwa inali ya pa wailesi ya mawu, ndipo umenewu ndimauona kuti unali mwayi waukulu, pakuti wailesi imaphunzitsa munthu kulembera khutu: chiganizo chachifupi, dzina la munthu ndi udindo wake zotchulidwa bwino, ndi nambala imodzi yokha imene womvera angaisunge m'mutu. Wophunzira amene wathamangira ku kamera asanadziwe zimenezi amadalira zithunzi kuti zimubisire kufooka kwa zolemba zake.

Atalembedwa ntchito ku kanema, anamutumiza kuti azitola nkhani m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, ndipo popeza ankagona kwathu, kulemera kwa ntchitoyi ndinakuona ndi maso anga. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amaganiza kuti maboma awiriwa ndi zimene amaona pa windo la basi mu msewu wa M1, monga Chimbiya, Dedza, Lizulu, Biriwiri, Kampepuza ndi Manjawira. Koma anthu ambiri sakhala m'mbali mwa phula. Kuli Tsangano kumapiri ozizira a m'malire ndi Mozambique, kumene kumachokera mbatata ya kachewere ndi kabichi. Kuli Kasinje ndi Sharpevale ku chigwa cha Bwanje. Kuli Golomoti, Mua ndi Mtakataka kunsi kwa mapiri, kufupi ndi nyanja, kumene kumatentha ngati si boma limodzi ndi Dedza wa chisanu uja. Kulinso Lobi ndi Mayani. Mtolankhani mmodzi, wopanda galimoto ya kampani, amayembekezeredwa kudziwa zimene zikuchitika konseku.

Tsiku lake linkayamba usiku wa dzulo lake, pochaja mabatire a kamera ndi a foni magetsi asanazime. M'mawa ankaimbira mkonzi kulikulu kumuuza nkhani imene akufuna kutsatira, ndipo mkonziyo akavomera, ankakwera minibasi mpaka pamene phula lathera, n'kupitiriza pa njinga yamoto ya kabaza, chikwama cha kamera chili kumsana, miyendo ya kamera itapingasa pa ntchafu. Kawirikawiri analibe wojambula womuperekeza. Ankaimika kamera yekha, kuyesa maikolofoni, kufunsa mafunso, kenako kuitembenuza kamerayo n'kuima patsogolo pake kuti alankhule mawu otsekera nkhani. Akamaliza, liwiro linali lobwerera pamalo pamene pali netiweki yolimba, chifukwa zithunzi za kanema ndi zolemera potumiza ndipo bandulo ya intaneti sichedwa kutha. Ndinamupezapo atakhala pakhonde la sitolo pa boma, laputopu ili pamaondo, akudula zithunzi ndi kujambula liwu lake atadzifunditsa chitenje kumutu kuti phokoso la magalimoto lisalowe mu maikolofoni. Zonsezi zinkabala nkhani ya mphindi imodzi ndi theka, kapena ziwiri ikakhala yaikulu, ndipo masiku ena inkasiyidwa osaulutsidwa chifukwa nthawi yonse yadyedwa ndi zolankhula za akuluakulu ku Lilongwe.

Komabe chovuta kwambiri sichinali ulendo, koma kulowa m'mudzi. Kwathu kuno mlendo safika n'kuyamba kuloza anthu ndi makina. Amayamba wakaonekera kwa amfumu, kukhala pansi, kulonjeredwa, kufotokoza kumene wachokera ndi chimene wadzera, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza malo kapena ufumu, amafunika kufikanso kwa agulupu, mwinanso kwa mfumu yaikulu. Wachinyamata wozolowera mu mzinda amaona mwambowu ngati kutaya nthawi, makamaka pamene dzuwa likupendeka ndipo mkonzi akuimbaimba foni. Mwana wathuyu anazindikira msanga kuti nthawi ya pa mphasa ija ndiyo imatsegula anthu pakamwa. Tsiku lina atabwerako wopanda kanthu anandiuza kuti, "Amalume, ndinafika kamera ili m'manja, ndipo amayi onse amene anali pa mjigo anangotembenukira kumbali. Mawa ndipitanso, koma kamera ikakhala m'chikwama mpaka amfumu atanena okha kuti jambulani." Anapitadi, nabwerako ndi nkhani ya mjigo wina wa m'deralo umene unakhala wowonongeka kwa miyezi yambiri komiti yake itasowa ndalama zogulira zipangizo, zimene zinkachititsa midzi ingapo kupanikizana pa mjigo umodzi. Anthu akumudzi amaopa kamera pa zifukwa zomveka, pakuti mtolankhani amachoka madzulo omwewo, pamene iwo amatsala ndi khansala, mlangizi kapena mfumu imene aidandaula pamaso pa dziko lonse. Mtolankhani wabwino amadziwa kuti mawu amene wapatsidwa ali ndi mtengo kwa wowapereka, ndipo nthawi zina amabisa nkhope ya munthu, kapena kusiya mawu amene akanakometsa nkhani, chifukwa choganizira mmene munthuyo adzakhalire ndi anansi ake mawa.

Palinso zinthu za malo zimene buku la utolankhani silingaphunzitse. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire a dziko: mbali imodzi ndi Malawi, inayo ndi Mozambique, ndipo anthu amadutsa tsiku lonse ndi madengu a tomato ndi matumba a kachewere osaganizako za pasipoti. Koma wonyamula kamera ayenera kudziwa mbali imene waima, chifukwa ufulu wake wojambula ngati mtolankhani wa ku Malawi umathera pa phula pomwepo.

Nkhani ikakhudza boma pamakhala makomo ena oti agogode. Ngozi ya pamsewu imatsimikizidwa ndi mneneri wa apolisi, za matenda ndi mneneri wa chipatala cha boma, za chitukuko ndi ofesi ya bwanamkubwa. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa atolankhani ufulu wofalitsa nkhani, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wosungidwa ndi maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, koma pa boma laling'ono chimene chimayendetsa zinthu tsiku ndi tsiku ndi ubale. Mtolankhani akapotoza kamodzi mawu a mkulu wina, foni yake siidzayankhidwanso. Ubale womwewo ulinso ndi msampha wake, pakuti munthu amene umadya naye pa lesitilanti imodzi ndi kupemphera naye tchalitchi chimodzi ndi wovuta kumufunsa za ndalama zimene zasowa mu ofesi mwake. Mtolankhani wa mu mzinda angathe kutulutsa nkhani yowawa n'kusowa m'chigulu cha anthu, koma wa pa boma amakumana ndi mwini nkhaniyo pamsika m'mawa mwake, ndipo ayenera kumuyang'ana m'maso ndi kumupatsa moni. Amene wapirira zimenezi kwa zaka zingapo osagulitsa choonadi ndiponso osadana ndi boma lonse waphunzira chinthu chimene sichiphunzitsidwa mu situdiyo.

Apa ndiyenera kunena za chipondamthengo, ndalama zimene okonza misonkhano amapereka kwa atolankhani mwambo ukatha. Anthu ambiri amazinena ngati dyera la mtolankhani payekha, koma ine nditaona malipiro a pamwezi a mwana wathuyu, n'kuwerengera mtengo wa kabaza wopita ku Tsangano ndi kubwerako, ndinaona kuti muzu wake uli pa makonzedwe a ntchito. Kampani ikapanda kupereka galimoto kapena ndalama za ulendo, mtolankhani amakwera galimoto ya amene ali nayo, ndipo amene ali nayo ndi bungwe lobwera kudzapereka katundu kapena wandale wobwera kudzachititsa msonkhano. Munthu wakukweza, wakudyetsa nkhomaliro, wakupatsa envelopu, ndipo madzulo ukamalemba nkhani, funso lovuta lija limachoka lokha popanda wokuuza kuti ulichotse. Sindikunena kuti onse olandira amanama. Ndikunena kuti nkhani zimayamba kutsata kumene magalimoto akupita, ndipo mudzi umene kulibe bungwe kapena wandale wopitako umasowa pa kanema ngakhale utakhala ndi vuto loposa midzi ina yonse.

Zotsatira zake aliyense wa kuno amazidziwa. Boma la Ntcheu limaoneka pa kanema basi ikagubuduka mu M1, nduna ikabwera kudzatsegulira chitukuko, kapena pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, pamene Angoni amavina ngoma pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani zishango zili m'manja. Boma la Dedza limaoneka chifukwa cha zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, kapena chifukwa cha ntchito ya malemu Inkosi Theresa Kachindamoto yothetsa maukwati a ana, imene mbiri yake inafika mpaka pa makanema a maiko akunja. Zonsezi ndi nkhani zenizeni ndipo ndimanyadira zikaoneka. Koma moyo wa maboma awiriwa uli pa mtengo wa feteleza, pa mavenda ogula kachewere kumunda pa mtengo wolira n'kukagulitsa mu mzinda mokwera, pa kalasi yophunzirira pansi pa mtengo m'nyengo ya mvula, pa mayi woyembekezera amene mtsinje wamutsekera njira ya ku chipatala. Nkhani zoterezi zilibe wokonza mwambo kapena woitana atolankhani, choncho zimafuna munthu wokhala pamalopo nthawi yaitali, wodziwa mmene zinalili chaka chatha ndi chimene chinalonjezedwa.

Patapita zaka zingapo mwana wathuyu anamuitanira kulikulu kuti aziwerenga nkhani, ndipo pamudzi pathu panali chimwemwe chachikulu. Anthu ambiri amaganiza kuti wowerenga nkhani amangofika, kudzola, kukhala pansi n'kuwerenga zimene ena alemba. Zoona zake n'zakuti amafika nthawi ikadali kutali, kukhala nawo pa msonkhano wa akonzi wosankha nkhani yotsogola, kuwerenga zolemba zonse mokweza, kukonza ziganizo zimene sizingatuluke ndi mpweya umodzi, ndi kufunsa katchulidwe ka dzina lililonse lachilendo, kaya ndi la mfumu ya ku Chitipa kapena la mtsogoleri wa dziko lakutali. Nthawi ikakwana amawerenga mawu oyenda pa galasi la patsogolo pa kamera, limene a ntchitoyi amalitcha autocue, pamene m'khutu mwake muli kachipangizo kamene wotsogolera pulogalamu akumuuziramo masekondi amene atsala, kapena kuti zithunzi za nkhani yotsatira zakana kutseguka, kapena kuti mtolankhani amene amayenera kulankhula kuchokera ku Mzuzu wadukidwa foni. Zonsezi zikamachitika, nkhope ndi liwu ziyenera kukhala zodekha, kuti woonera asadziwe kuti kuseri kwa kamera anthu akuthamangathamanga.

Luso limeneli lingaphunziridwe ndi munthu aliyense wofatsa ndi wolimbikira. Kusiyana kumaonekera pamene galasi lija lazima, kapena pamene mlendo wa mu situdiyo wayankha mozemba, chifukwa apo chotsala ndi chimene munthu ali nacho m'mutu. Pamene ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, alimi ambiri ankagona pa mizere chifukwa cha kuvuta kwa netiweki yotsimikizira ziphaso. Mkulu wa boma akanena pa kanema kuti feteleza wafika m'misika yonse, wowerenga nkhani amene sanaimepo pa mzere wotere amagwedeza mutu n'kupita ku funso lotsatira lolembedwa pa pepala. Amene anaimapo ndi kamera kuyambira mbandakucha amafunsa kuti wafika mtundu uti, popeza mlimi amafuna wokulitsa ndi wobereketsa, amafunsa kuti wafika matumba angati poyerekeza ndi mayina olembedwa, ndiponso kuti makina akugwira ntchito kapena ayi. Mafunso oterewa sachokera ku ukali kapena mtima wofuna kuchititsa munthu manyazi. Amachokera ku kudziwa, ndipo woonera wa ku Kasinje amazindikira nthawi yomweyo kuti munthu uyu anafikako kwathu.

Chimodzimodzinso ndi chiyankhulo. Nthawi zambiri nkhani zimayamba kulembedwa m'Chingerezi, kenako n'kumasuliridwa mothamanga nthawi itatsala pang'ono, ndipo zimatuluka ndi mawu a Chichewa koma osamveka kwa agogo amene akumvetsera. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja khumi ndilo linali ndi magetsi, choncho kuno kanema amaoneredwa pagulu, pa golosale, pa malo oonetsera mpira kapena kwa mnansi amene ali ndi sola, ndipo pagulu loterolo nkhani za m'Chichewa ndizo zimafika pamtima. Wowerenga amene anakhala zaka akumvetsera mmene mafumu ndi amayi a pa mjigo amafotokozera mavuto awo amatenga cholembera n'kukonzanso nkhani yomasuliridwayo kuti imveke ngati munthu akuuza mnzake.

Kwa ife a ku Ntcheu mayeso aakulu a ntchitoyi anaoneka mu June 2024. Pa 10 June ndege ya asilikali imene inanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, inasowa itanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. A Chilima anali mwana wa kuno, ndipo usiku umenewo anthu ambiri sanagone. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pankayenda mphekesera zotsutsana, ndipo aliyense ankatumizira mnzake chimene mtima wake unkafuna kukhulupirira. Ntchito ya wowerenga nkhani usiku umenewo inali yolemera chifukwa inali ntchito ya kudziletsa: kunena chokhacho chimene chatsimikizika, kutchula amene wachitsimikiza, ndi kubwereza modekha kuti kusaka kukupitirira, pamene dziko lonse likufuna yankho lomwe iye alibe. Ngakhale chiwerengero cha okwera ndegeyo chinasintha, pakuti malipoti oyamba ankati anali anthu 10, koma pambuyo pake zinadziwika kuti anali 9. Pa 11 June Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti ndegeyo yapezeka m'nkhalango ya Chikangawa ndipo palibe amene wapulumuka.

Pa 16 June thupi linanyamuka ku Bingu National Stadium kubwera kuno, ndipo anthu anadzaza m'mbali mwa M1, ena akulira, ena ali ndi mkwiyo umene unafika potseka msewu m'malo ena. Madzulo a tsikulo galimoto inawomba anthu amene anasonkhana m'mbali mwa msewu m'boma lino ndi kupha anayi. Mawa lake, pa 17 June, a Chilima anaikidwa m'manda ku Nsipe. Atolankhani anabwera ochuluka kuchokera m'mizinda ndi kunja komwe, ndipo ambiri anagwira ntchito yabwino, koma ine ndinkaona kusiyana pakati pa mlendo ndi munthu wodziwa malo. Wodziwa malo ankazindikira woyenera kumufunsa ndi woyenera kumusiya alire, ankadziwa kuti pa siwa pali nthawi yotsitsa kamera, ndipo ankatha kufotokoza mkwiyo wa anthu popanda kuukoleza kapena kuubisa. Mwana wa mlongo wanga anali mu situdiyo masiku amenewo, akulandira zithunzi za malo amene anayendamo pa kabaza. Pambuyo pake anandiuza kuti, "Amalume, nkhope zina zimene zinkaoneka pa zithunzi ndinkazidziwa ndi mayina omwe, ndipo khosi linkatsekeka. Koma ndinadziuza kuti anthu a kwathu akundimvera kuti adziwe zoona, kulira ndikalira ndikatuluka." Sindikhulupirira kuti munthu angapeze kudekha kotereku pa tsiku lomwelo la tsoka, ngati sanayambe wafikapo pa ngozi ndi pa maliro a anthu wamba kamera ili m'manja.

Mpando wa mu situdiyo uli ndi katundu wina amene mtolankhani wa kumudzi samusenza kwambiri, ndiye wa ndale. Pa 20 July 2011, tsiku la zionetsero zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20, atolankhani ena anamenyedwa ndipo bungwe loyang'anira nyumba zoulutsa mawu la MACRA linaletsa wailesi zina kuulutsa zochitikazo pamene zinkachitika. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012 boma silinalengeze msanga, ndipo usiku wa 6 April nduna ndi achiwiri a nduna okwana 6 anaonekera pa kanema wa MBC kunena kuti a Joyce Banda, amene anali Wachiwiri kwa Pulezidenti, sakuyenera kulowa m'malo, koma pa 7 April mayiwo analumbiritsidwa. Dandaulo lakuti wailesi ya boma imakondera chipani cholamula lakhala likumveka mu ulamuliro uliwonse kuchokera pamene tinalowa ndale za zipani zambiri. Kubwera kwa makanema ena monga Times, Zodiak, Mibawa ndi Luntha ya ku Balaka kunapatsa woonera mwayi woyerekeza, koma nawonso ali ndi eni ake ndi otsatsa malonda amene ayenera kuwasamala. Pa zonsezi amene amasankha nkhani ndi kuipatsa mutu nthawi zambiri saoneka. Woonekera ndi wowerengayo, ndipo nkhani ikakhala yokhota, anthu amasunga nkhope yake ndi dzina lake, osati la amene anamulamula. Choncho munthu wa ntchitoyi amafunika kudziwa pasadakhale chimene sangawerenge ngakhale atauzidwa, chifukwa nthawi yoganiza siipezeka pamene kamera yatsala pang'ono kuyatsidwa.

Kwa akazi pali mtolo wowonjezera. Mwamuna akawerenga nkhani, anthu amakambirana nkhaniyo, koma mkazi akawerenga, ndemanga zambiri pa Facebook zimakhala za tsitsi, za diresi ndi za thupi lake, ndipo ena amafika pofunsa kuti anafika bwanji pa mpandowo, ngati kuti zaka za fumbi ndi kabaza zija sizinachitike. Zimenezi zimandipweteka monga kholo, ndipo zimafooketsa atsikana aluso amene ndimawaphunzitsa.

Nanga ntchitoyi imathera kuti? M'dziko muno nthawi zambiri imathera kunja kwa utolankhani. A Brian Banda, amene anatchuka ndi mafunso olasa pa pulogalamu ya Straight Talk ya Capital FM ndiponso pa Times, anakhala mneneri wa Pulezidenti mu 2020. A Gospel Kazako, amene anayambitsa Zodiak mu 2005, anakhala nduna ya zofalitsa nkhani chaka chomwecho cha 2020. Ambiri osatchuka chotere amapita kukakhala aneneri a mabanki, a mabungwe ndi a makampani a boma. Sindikuwaweruza, pakuti munthu ali ndi ana oti awalipirire fizi ndi makolo oti awasamale, ndipo malipiro a kumeneko amaposa a m'chipinda cha nkhani. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchitoyi imataya anthu ake pa msinkhu umene akhwima, pamene akudziwa mbiri ya nkhani iliyonse ndipo sanamizika msanga, ndipo luso lawo lofunsa limasanduka luso loyankha m'malo mwa ena. Mwana wathu nayenso anaitanidwapo ndi bungwe lina. Atandifunsa maganizo, ndinamuuza kuti ndalama ndi nkhani yake ndi banja lake, koma kuti asachoke chifukwa chotopa ndi situdiyo asanayese kubwereranso kumene nkhani zimachokera.

Chimene ndingapemphe eni makanema ndi akonzi si chachikulu. M'boma lililonse, kapena pa maboma awiri oyandikana monga Ntcheu ndi Dedza, mukhale mtolankhani wokhwima wolandira malipiro ofanana ndi a mnzake wa kulikulu, wokhala ndi njinga yamoto ndi mafuta a kampani, kuti kukwezedwa pa ntchito kusamatanthauze kusamukira mu mzinda nthawi zonse, ndiponso kuti asamadikire galimoto ya wandale. Owerenga nkhani nawonso azitulutsidwa mu situdiyo nthawi ndi nthawi, osati kukaima pa sitediyamu pa mwambo wa boma pokha, koma kukatola nkhani imene palibe wawaitanira.

Mwana wa mlongo wanga sanapite ku bungwe lija, ndipo wapempha akonzi ake kuti azimulola kutuluka. Nkhani yoyamba imene akufuna kutsatira ndi ya msewu wa Tsangano wopita ku Neno ndi Mwanza, umene wakhala ukulonjezedwa ndi kumangidwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Akufuna kupitako mvula ili mkati, pamene malole amatitimira m'matope, kuti akayeze pamene phula lafika ndi pamene lathera, akafunse alimi mtengo wa thumba la kachewere kumunda n'kuuyerekeza ndi wa pa Lizulu ndi wa ku Blantyre, kenako akakhale pansi ndi akuluakulu oona za misewu n'kuwafunsa tsiku limene ntchitoyo idzathe, zithunzi za malole otitimirawo zili patsogolo pawo.